Mlenje Amalasa Pati? Mbiri ya Ulenje m'Dziko la Lundu

Alenje a ku Ulaya ndi ku America, amene amasaka agwape akwawo a nyanga zanthambinthambi ndi mfuti zamakono, ali ndi mkangano wosatha: chipolopolo chilowe pati? Ena amati pakhosi kuti nyama igwere pomwepo, ena amati paphewa kuti ithyoke isathawe, ndipo ambiri amati kuseri kwa phewa kumene kuli mtima ndi mapapo. Amatsutsana ngati kuti nkhaniyi imathera pa luso la munthu ndi zokonda zake. Agwape oterowo kuno kulibe, koma funso lomweli ndi lakalekale m'chigwa cha Shire, m'dziko la Lundu, kumene alenje a Chimang'anja akhala akulondola mbawala, boo, ngoma, nswala, njati, mvuu ndi njovu kwa mibadwomibadwo. Mbiri ya chigwachi imatiphunzitsa kuti malo olasa nyama sankasankhidwa ndi diso la mlenje lokha. Ankasankhidwa ndi chida chimene chili m'manja mwake, lamulo lonena za mwini wa nyamayo, ndiponso anthu amene ankamudikira kumudzi kuti awafotokozere mmene wayendera. Zitatuzi zitasokonekera, mwambo wolasa pamalo oyenera unafota, ndipo malo ake anatengedwa ndi khwekhwe la waya limene silisankha nyama kapena chiwalo.

Thupi la nyama ndilo silinasinthe. Mtima wa boo kapena ngoma uli m'munsi mwa chifuwa, pakati pa miyendo yakutsogolo, ndipo mapapo aukuta pamwamba ndi m'mbali. Nyama ikaima chopingasa, mlenje amakweza diso motsata mwendo wakutsogolo mpaka pa gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera kunsi kwa chifuwa. Pamenepo pali malo otambalala ngati mbale ya nsima, ndipo chida cholowa apo chimapha msanga. Akalasa chakumbuyo pang'ono, aboola chifu ndi matumbo: nyama ithawa, ikafera kutali patapita maola ambiri, ndiwo yake itayamba kale kununkha. Akafuna mutu, apeza kuti bongo ndi waung'ono ndipo mutu sukhazikika, kotero kuphonya pang'ono kumangothyola chibwano, nyama n'kukafa ndi njala ndi ludzu. Pa nyama zambiri za kuno mtima ndi mapapo zili chakutsogolo kuposa pa agwape a kumayiko ozizira, ndipo mlendo wobwera ndi chizolowezi chakwawo amalasa m'mimba akuganiza kuti walasa pamtima. Zonsezi aliyense amene anasendapo nyama ndi kuitumbula amazidziwa. Choncho chimene chakhala chikusintha m'mbiri si nzeru ya kumene kuli mtima, koma chifukwa chimene mlenje ali nacho choti avutikire kuupeza.

Ufumu wa Lundu, umodzi mwa maufumu a Amaravi, unakula pamodzi ndi malonda a minyanga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 mphamvu zake zinafika kum'mawa m'dziko la Amakua, njira ya kunyanja yamchere, mpaka pamene mfumu ina, Muzura, mothandizidwa ndi Apwitikizi, inagonjetsa Lundu m'chaka cha 1622. M'maufumu amenewa munali lamulo lodziwika bwino: njovu ikagwa, mnyanga wokhudza nthaka ndi wa mwini dziko, wam'mwamba ndiwo wa mlenje. Nyama zina zikuluzikulu nazo zinali ndi chiwalo chopita kwa mfumu. Lamuloli limaoneka ngati la msonkho chabe, koma linali ndi mphamvu pa dzanja la mlenje. Njovu yolasidwa mosasamala inkatha kuyenda mtunda wautali, kuwoloka malire, n'kukagwera m'dera la mfumu ina. Pamenepo mnyanga wapansi watayika, ndipo mlandu wabadwa. Mlenje ndi mfumu yake onse ankafuna kuti nyama igwe pafupi ndiponso msanga. Kulasa bwino kunali mbali ya ubale wa munthu ndi mfumu yake, komanso wa mudzi ndi midzi yoyandikana nayo.

Chida chachikulu cha nthawiyo pa nyama zapakatikati chinali uta ndi muvi wopakidwa ulembe wa kombe, chomera choyanga m'mitengo ya m'chigwachi. David Livingstone ndi John Kirk, amene anakwera mtsinje wa Shire koyamba m'chaka cha 1859, anaona mmene mivi yotereyi inkagwirira ntchito. Nsonga yachitsulo inkatsalira m'thupi bango likagwa, mlenje n'kumatsatira chapatali mpaka nyama itafooka ndi kugwa. Kenako ankacheka mnofu wozungulira bala n'kuutaya, yotsalayo n'kudyedwa. Kirk anazindikira mphamvu ya kombe mwangozi, pamene mswachi wake unakhudzana ndi ulembewu m'thumba, ndipo atautsukira mano anamva kuwawa m'kamwa, mtima wake n'kuyamba kugunda pang'onopang'ono. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anafufuza njere za chomerachi, ndipo pofika 1885 madokotala anayamba kuzigwiritsa ntchito ngati mankhwala a matenda a mtima, mwakuti njere za kombe zinakhala imodzi mwa katundu amene Nyasaland inkagulitsa kunja. Mfundo yofunika apa ndi yakuti Mmang'anja anali atapeza kale njira yofikira mtima wa nyama popanda kuboola nthiti. Muvi wa bango sungathyole phewa la njati, koma ukalowa pamnofu wa magazi ambiri, monga pantchafu kapena pakhosi, magazi omwewo amanyamula ulembe kukaufikitsa kumtima. Malo abwino olasa anali amenewo, chifukwa chida chinali chimenecho.

Pa njovu ndi mvuu ulembe wa pamuvi unkachepa, ndipo alenje anali ndi njira zina zimene zimaonetsa poyera kuti ankawerengera malo olasa mwadala. M'mphepete mwa Shire, Livingstone anaona zipika zolemera zokhomeredwa mkondo wa ulembe, zitapachikidwa pamwamba pa njira za mvuu, chingwe chake chitayalidwa pansi. Wotchera msampha wotere ayenera kudziwa kutalika kwa nyama, kukula kwa phazi lake ndi mtunda wochokera pamwendo wokoka chingwe kufika pamsana, kuti mkondo ugwere pakati pa mapewa, osati pamatako. Kumeneku n'kulasa kochita kulingalira usiku usanade. Panalinso Aphodzo, akatswiri osaka mvuu m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, amene ankayandama mwakachetechete pa bwato lopepuka mpaka kufika pamene dzanja lingafike, n'kubaya ndi mkondo wangowe womangidwa ku chingwe chachitali ndi mtengo woyandama. Munthu wobaya mvuu ali m'bwato alibe mwayi wachiwiri woganiza. Akaphonya pofunika, bwato liphwanyidwa. Pantchito yotereyi moyo wa mlenje ndiwo unali chikole cha luso lake.

Ulenje wa anthu ambiri, uzimba, unkachitika m'chilimwe udzu utauma, mfumu italengeza tsiku, anthu atasonkhana ndi maukonde, agalu, mikondo ndi zibonga. Mwambo wofala pakati pa Amang'anja ndi Achewa unali wakuti woyamba kulasa ndiye mwini nyama, ndipo womalizitsa amapatsidwa chiwalo chake. Wina angaganize kuti lamulo lotere limalimbikitsa kuponya mwachisawawa, bola magazi atuluke. Koma nyama ikagwa inkasendedwa pamaso pa anthu, ndipo mabala ake ankawerengedwa: uwu ndi mkondo wa uje, uwu ndi muvi wa uje, lakupha ndi ili. Mnyamata wolasa pamchira ankadziwika, wolasa kunkhwapa ankadziwikanso. Kuwonjezera apo, ulenje wa nyama zoopsa unali ndi miyambo yake: nsembe kwa mizimu ya makolo asanalowe m'tchire, kudziletsa kwa mlenje ndi mkazi wake, ndi chikhulupiriro chakuti nyama yolasidwa ikatembenukira mlenje ndiye kuti kumudzi kwalakwika kanthu. Kaya munthu wa lero amakhulupirira zimenezi kapena ayi, ntchito yake inali yoonekeratu. Nyama yothawa ndi bala sinali nkhani ya mlenje yekha. Mudzi wonse unkafunsa chifukwa chake.

Mfuti zinalowa m'chigwachi kudzera kwa amalonda a ku Zambezi, ndipo zinachuluka m'nyengo yowawa ya nkhondo za ukapolo ndi chilala cha 1862 ndi 1863. Amakololo, anthu osakwana 20 amene anabwera ndi Livingstone n'kutsalira kuno ali ndi mfuti, anasonkhanitsa anthu othawa nkhondo ndi njala, nalanda mphamvu za Lundu kumtunda kwa chigwa. Mayina monga Kasisi, Katunga ndi Maseya adakali pa mipando ya ufumu ku Chikwawa mpaka lero. Chuma chawo chinatsamira kwambiri pa minyanga, ndipo ngakhale imfa ya Chipatula, mmodzi mwa mafumu a Amakololo, amene anaphedwa ndi mzungu wamalonda George Fenwick m'chaka cha 1884, inachokera pa mkangano wa malonda a minyanga. Mfuti ya nthawiyo, gogodera, inkathiridwa onga kukamwa, chipolopolo chake nthawi zambiri chinali chitsulo chosula, ndipo ukaomba kamodzi unkafunika nthawi kuti uthirenso, utsi utakuphimba m'maso. Mfuti yotere siikhululukira wopupuluma. Mlenje ankayenera kuyenda mphepo ikumuomba kumaso, kukwawa mpaka pafupi zedi, kudikira nyama itembenuke chopingasa, n'kulunjika kuseri kwa phewa. Apa mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha unali lamulo la ntchito. Chimene gogodera anasintha kwambiri ndi mwini wa ulenje: onga ndi mfuti zinali m'manja mwa mafumu ndi amalonda, ndipo mlenje anayamba kuyankha kwa womupatsa onga kuposa kwa mudzi. Wogula mnyanga safunsa kuti njovu zingati zathawa ndi mabala kuti mnyanga umodzi ufike padoko.

Azungu anabwera ndi mfuti zothirira kumbuyo, zofika patali ndiponso zoboola fupa. Henry Faulkner, amene anakwera Shire m'chaka cha 1867 ndi gulu la E. D. Young lofunafuna Livingstone, analemba buku lonse la kusaka njovu m'chigwachi ndi kumtunda. Alfred Sharpe, amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Nyasaland, anafika kuno m'chaka cha 1887 ngati mlenje wa njovu. Ndi mfuti zamphamvuzi panabwera malo ena olasa. Pa njovu anayamba kufuna bongo, kulunjika pakati pa diso ndi bowo la khutu, kuti igwe pomwepo minyanga isapite patali. Pa ngoma ndi boo, mutu ndiwo unali wosakhudzidwa, chifukwa nyanga ndi chikopa cha pakhosi zinkapita kukakongoletsa khoma la nyumba. Mabuku monga la C. H. Stigand ndi Denis Lyell la m'chaka cha 1906 anaphunzitsa alendo kuwerenga mapazi ndi kudziwa polasa, koma amene ankayenda patsogolo, kuona tsamba lopindika ndi dontho la magazi, anali anthu akuda. Wolondola nyama yolasidwa amadziwa kuti magazi owala a thovu ndi a m'mapapo ndipo nyama ili pafupi kugwa, pamene magazi osakanikirana ndi udzu wa m'chifu akutanthauza ulendo wautali. Nzeru ya eni dziko inakhala yonyamula mfuti ya wina.

Malamulo ndiwo anamaliza kulekanitsa nzeruyo ndi chida. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'dera lalikulu la Africa. Boma la atsamunda la Harry Johnston, lokhazikitsidwa mu 1891, linaika msonkho pa mfuti ndi ziphaso za ulenje zimene munthu wamba sakanazikwanitsa. M'chaka cha 1897 dambo la Dabanyi, limene Livingstone analitcha Elephant Marsh atawerengamo njovu pafupifupi 800, linasandutsidwa malo otetezedwa, ngakhale kuti chitetezocho chinachotsedwa mu 1911. Lamulo la nyama la 1926 linatsekereza njira zamakolo monga maukonde, mbuna, misampha ndi agalu, ndipo amishoni ena pamodzi ndi mabungwe a anthu akuda ophunzira analitsutsa poona kuti alimi atsala opanda chodzitetezera ku nyama zowononga minda. Lengwe, pafupi ndi likulu la Lundu, anapatulidwa mu 1928 pofuna kuteteza boo, n'kukhala paki mu 1970. Mwabvi ku Nsanje ndi Majete ku Chikwawa anatsatira m'zaka za m'ma 1950. Kuyambira pamenepo Mmang'anja wofuna ndiwo ya m'tchire anasanduka wakuba m'dziko la makolo ake. Wakuba sadikira kuti nyama itembenuke bwino, salondola magazi dzuwa likuswa mtengo, ndipo sasendera pabwalo pamene akuluakulu angawerenge mabala.

Zotsatira zake zinaoneka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi khwekhwe la waya, chida chotsika mtengo, chopanda phokoso, chotchera usiku. Waya amagwira mwendo, khosi kapena chitamba. Amagwira yaikazi yabere, mwana, ngakhale nyama imene wotcherayo sadya. Ndipo zambiri zimaolera pomwepo chifukwa mwini waya akuopa kubwerera. Yachiwiri inabwera ndi nkhondo ya ku Mozambique, pamene mfuti zankhondo za AK-47 zinawoloka malire m'zaka za m'ma 1980. Mfuti yolavula zipolopolo zambiri nthawi imodzi imachotsa chifukwa chomalizira chosankhira polasa. Pofika 1992 njovu zinali zitatheratu ku Majete. Chochititsa chidwi n'chakuti m'zaka zomwezo za m'ma 1980, boo atachuluka kuposa msipu wa ku Lengwe, boma linatuma alonda ake kukapungula ena mwadongosolo. Kulasa kosamala kunalipobe, koma tsopano kunali ntchito ya wovala yunifolomu, amene amawerengera chipolopolo chilichonse kwa mkulu wake. Ngakhale pamenepo lamulo lakale linadzionetsa: dzanja limasamala pamene pali wina woti alifunse.

Alipo amene angatsutse zimenezi. Wotsutsa woyamba anganene kuti uku n'kukometsa zakale. Kodi kufa ndi ulembe, kugwera m'mbuna ya zisonga kapena kuzingidwa ndi moto wa lupsa kunali imfa yofatsa? Sikunali, ndipo palibe chifukwa chobisira. Ulenje wamakolo unali ndi nkhanza zake, ndipo mafumu a Amaravi omwewo ndiwo anatsegulira amalonda a minyanga njira. Mfundo pano si yakuti makolo anali achifundo kuposa ife, koma kuti dongosolo lawo linkalipiritsa kusasamala: nyama yotayika inali njala ya banja, manyazi pabwalo, kapena mlandu wa malire. Wotsutsa wachiwiri anganene kuti mtima ndi mtima, kotero malo abwino olasa ndi amodzi kulikonse, ndipo mbiri ilibe chonena. Koma taona kale kuti nyama imodzimodziyo inkalasidwa pantchafu ndi wa muvi wa kombe, pamsana ndi wa chipika, kuseri kwa phewa ndi wa gogodera, ndipo wofuna nyanga za pakhoma ankapewa mutu umene wofuna minyanga ya njovu ankaulunjika. Aliyense mwa iwowa ankadziwa kumene kuli mtima. Chinawasiyanitsa ndi chida chawo ndi amene ankamugwirira ntchito.

Wotsutsa wachitatu ndiye ali ndi funso lolemera kwambiri: popanda malamulo ndi mipanda, kodi boo akanakhalapo lero? Anthu a m'chigwachi achuluka, thonje ndi chimanga zinatenga malo a kumtunda, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1960 minda ya nzimbe ya ku Nchalo inatenga dera lalikulu limene kale linali tchire. Kunena zoona, Lengwe akanapanda kupatulidwa, boo, amene kuno ndiye kumpoto kwenikweni kwa dera lawo lachilengedwe, bwenzi ali a m'nthano. Ku Majete nako, kuchokera pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mogwirizana ndi boma mu 2003, zipembere zinabwezedwa chaka chomwecho, njovu kuyambira 2006, ndi mikango mu 2012. Zimenezi n'zoyamikika, ndipo nkhani ino sikupempha kuti mipanda igwetsedwe kapena kuti uzimba ubwerere. Nyama zatsala zochepa, anthu ndife ambiri. Koma tiyenera kukumbukira kuti Majete anali wotetezedwa ndi lamulo kwa zaka zoposa 30 pamene njovu zake zinkatha. Pepala la boma palokha silinapulumutse njovu ngakhale imodzi. Chimene chinasintha pambuyo pa 2003, kuwonjezera pa mpanda ndi alonda okonzeka, n'chakuti anthu a m'midzi yozungulira anayamba kupeza ntchito, maphunziro a ana ndi misika ya zinthu monga uchi kuchokera ku nkhalangoyo. Lamulo la 2017, limene limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende pa nyama zotetezedwa kwambiri, limaopseza; koma mantha okha amangophunzitsa munthu kutchera waya mobisa kwambiri.

Phunziro la mbiriyi ndi lakuti kusamala kwa mlenje ndi chipatso cha umwini ndi kuyankha mlandu. Pamene nyama inali ndi mwini wodziwika, gawo la mfumu lodziwika ndi bwalo lowerenga mabala, munthu ankavutikira kulasa pamalo opha msanga. Pamene nyama inakhala ya wogula wakutali, kenako ya boma losaoneka, kusamalako kunatsala kwa ochepa olipidwa. Choncho amene akuyang'anira Lengwe, Majete, Mwabvi ndi dambo la Dabanyi, limene linalembedwa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse mu 2017, achite zinthu ziwiri. Apatse mafumu a m'chigwachi, kuyambira kwa Lundu mpaka kwa nyakwawa, gawo lenileni la phindu ndi la chiweruzo pa nyama za m'dera lawo, kuti wotchera waya akayankhe kwa anthu omudziwa. Ndiponso alembe ntchito, alemekeze ndi kujambula nzeru za akuluakulu otsala amene amatha kuwerenga mapazi ndi magazi, chifukwa mlonda wotumidwa kukapha njati yolusa kapena mvuu yowononga dimba amafunika nzeru yomweyo kuti nyama isavutike ndiponso mudzi usapwetekedwe. Dziko limene likufuna kuti nyama zake zisungidwe liyenera kubwezera anthu okhala nazo pafupi chifukwa choziwerengera ngati zawo.